Mmene mungadziwire ngati mwini timu yanu ya baseball ndi woumira kapena timu yangosowa woiyendetsa

Amene timatsata baseball kuno ku Salima ndife ochepa, tonse timakwana pa gulu limodzi la WhatsApp, ndipo ambiri a ife tinagwera timu ya Pittsburgh Pirates chifukwa cha Gift Ngoepe wa ku South Africa uja, amene pa 26 April 2017 anakhala munthu woyamba wobadwira mu Africa muno kusewera mu MLB, ligi yaikulu ya baseball ya ku America, nkumenya hit ulendo woyamba womwewo pa mpira wa Jon Lester wa Chicago Cubs. Chaka chomwecho mu November anamupititsa ku Toronto, ife nkutsala ndi timu imene inaona ma playoff komaliza mu 2015, chikho cha World Series nde musanene, 1979. Mkwiyo ulipo ndipo ndi woyenera, koma chimandiwawa nchakuti nthawi zambiri umagwera anthu olakwika. Gemu ikatha cha mma 3 koloko usiku wina walemba kale kuti womenya wakuti ndi wachabechabe, wina akuti kochi achoke, pomwe amene anasainira bajeti ali phee palibe womutchula. Nde anzanga tiyeni tiphunzire kufufuza tokha, kuti tikamakalipa tizikalipira pakhomo loyenera. Ndigwiritsa ntchito Pirates chifukwa ndi imene ndimaidziwa, koma njira yake ndi yomweyi olo mukhale a Colorado kapena a White Sox.

Yambani ndi kuchotsa kaye malamulo a mpira wamiyendo mmutu. Kuno kwathu timu ikathera kumunsi kwa tebulo imatuluka mu ligi, sponsa amayamba kuzemba, akuluakulu a timu tulo osagona, ku England nayonso ndi chimodzimodzi. Mu MLB matimu alipo 30 ndipo palibe yotuluka. Chicago White Sox inaluza magemu 121 pa 162 mu 2024, Colorado Rockies inaluza 119 mu 2025, chaka chotsatira onse ali momwemo, gawo lawo la ndalama za TV ya dziko lonse ndi lofanana ndi la amene atenga chikho, komanso timu yoluza imakhala ndi mwayi wosankha koyambirira anyamata abwino ku draft. Kuonjezera apo kulibe malire okhwima a malipiro, kumwamba kuli msonkho chabe umene umagwira timu ikapyola mzere, mu 2025 mzerewo unali $241 miliyoni, pomwe kumunsi kulibe mzere wonena kuti timu iliyonse ifike apa. Malipiro otsikitsitsa a wosewera mmodzi mu 2025 anali $760,000, werengani nokha anthu 26 pa mtengo umenewo, sizikufika ndi $20 miliyoni yomwe. Mukamvetsa izi mwamvetsa chifukwa chake mwini timu atha kuluza zaka ndi zaka osaopa kanthu. Pirates inakhala masizoni 20 otsatizana, 1993 mpaka 2012, ikuluza magemu ambiri kuposa amene ikuwina.

Kenako tengani kope, lenileni la mapepala, chifukwa za pa foni zimasowa mukasintha foni. Jambulani mizere inayi: chaka, malipiro a timu yonse pa tsiku lotsegulira sizoni, nambala imene timu ili pa matimu 30 potengera malipirowo, ndi magemu amene inawina. Manambala a malipiro mumawapeza pa Spotrac kapena pa Cot's Baseball Contracts, a magemu pa Baseball-Reference, zambiri ndi zaulere, bandulo yochepa ikwana mukamajambula sikirini nkumakopera pambuyo. Bwererani mmbuyo zaka 10 kapena kupitirira, chaka chimodzi sichinena kanthu. Chenjezo langa ndi loti musankhe malo amodzi nkukakamira pomwepo, chifukwa amawerengera mosiyana, ena amaphatikiza ndalama zolipira mtsogolo ena ayi. Chitsanzo ndi Shohei Ohtani, Dodgers inamusaina mu December 2023 pa $700 miliyoni zaka 10, koma amalandira $2 miliyoni yokha pachaka, $680 miliyoni yotsalayo adzayamba kulandira mu 2034, nde mukasakaniza mawerengedwe mudzangokangana pa gulu mpaka kucha.

Mzere wachitatu uja ndi umene uli ndi nkhani. Pirates mudzaipeza chakumunsi pafupifupi chaka chilichonse, mu 2025 malipiro ake sanafike $100 miliyoni pomwe a Dodgers anadutsa $300 miliyoni kutalitali. Koma apa musathamange. Kuyerekeza Pittsburgh ndi Los Angeles nkupatsa mwini timu pothawira, angokuuzani kuti mzinda wathu ndi waung'ono, ndipo pamenepo akunena zoona, Dodgers ili ndi mgwirizano wa TV wa zaka 25 woposa $8 biliyoni umene inasaina mu 2013. Inu yerekezani ndi anzake a msinkhu umodzi. Milwaukee Brewers ili mu gulu limodzi ndi Pirates, mzinda wake si waukulu, koma mu 2025 inawina magemu 97, kuposa timu ina iliyonse mu MLB, ife 71. Kansas City Royals inaluza magemu 106 mu 2023, eni ake sananene kuti tidikire zaka zisanu, anagula oponya Seth Lugo ndi Michael Wacha, anamanga Bobby Witt Jr. ndi kontilakiti ya zaka 11 yoposa $288 miliyoni, 2024 timu nkuwina 86 nkulowa ma playoff. San Diego nayo si mzinda wa TV yaikulu, koma nthawi ya mwini timu yawo ya Padres, malemu Peter Seidler, anapereka $340 miliyoni kwa Fernando Tatis Jr. mu 2021, bwalo nkumadzadza. Ngati anzake ofanana naye akutha, funso loti bwanji iyeyo sakutha limakhala ndi mano.

Tsopano mayeso amene ine ndimawakhulupirira kuposa onse: onani zimene mwini timu anachita nthawi imene timu inali bwino. Kuumira pamene timu ili yofooka munthu atha kukupezera zifukwa, akuti tigule katswiri wa chani pomwe tiluzabe. Koma timu ikafika pakhomo pa chikho, pamenepo mpamene mtima wa bwana umaonekera. Pirates inawina 94 mu 2013, Andrew McCutchen nkutenga MVP, mphoto ya wosewera wopambana, 88 mu 2014, kenako 98 mu 2015, yachiwiri mu MLB yonse chaka chimenecho. Bob Nutting, amene wakhala wamkulu wa eni timu kuyambira 2007, anali ndi timu yongofunika kuthirapo pang'ono. Chinachitika nchani? A.J. Burnett anapuma, J.A. Happ anapita ku Toronto, Pedro Alvarez anamusiya, Neil Walker mwana wa ku Pittsburgh konko anamusinthanitsa ndi Jon Niese wa Mets, malo a anthu amenewa osadzazidwa ndi a msinkhu wawo, 2016 timu nkugwa kufika pa magemu 78. Mu January 2018, mkati mwa masiku atatu okha, Gerrit Cole anapita ku Houston, McCutchen ku San Francisco. Cole yemweyo mu December 2019 anasaina $324 miliyoni ku Yankees. Ine mpaka lero ndikaona mzere wa 2015 ndi wa 2016 mu kope mtima umandipweteka, chifukwa panafunika ndalama zochepa poyerekeza ndi zimene masapota anadikira zaka 20. Pa timu yanu fufuzani chaka chimene inawina kwambiri, nkuona malipiro a chaka chotsatira ndi maina a amene anachoka ndi amene anabwera.

Tsamba lina la kope likhale la ma free agent, osewera amene kontilakiti yawo yatha ndipo ali pa msika kuti aliyense awagule. Lembani kontilakiti yaikulu imene timu yanu inaperekapo kwa munthu wotere. Kwa Pirates, kufika kumapeto kwa sizoni ya 2025, inali ya Francisco Liriano, $39 miliyoni zaka zitatu, ya mu December 2014. Ndipo kuchokera pa Ivan Nova mu December 2016 mpaka kutha kwa sizoni ya 2025 sanasainenso free agent wa zaka zoposa chimodzi, onse anali a chaka chimodzi, achikulire amene mitengo yawo yatsika, oti akasewera bwino mu July agulitsidwe. Juan Soto yekha Mets inamupatsa $765 miliyoni mu December 2024. Palibe akunena kuti Pittsburgh ikanagula Soto, koma pakati pa 39 ndi 765 pali anthu ambirimbiri omenya bwino.

Chilungamo chake lembaninso zimene anapereka, apo ayi wina adzakugwetsani pa mkangano ndi dzina limodzi. Ke'Bryan Hayes anapatsidwa $70 miliyoni zaka 8 mu 2022, Bryan Reynolds $106.75 miliyoni zaka 8 mu 2023, Mitch Keller $77 miliyoni zaka 5 mu 2024. Ndi ndalama ndithu. Koma ma kontilakiti amenewa ndi a osewera amene timu inali nawo kale, amasainidwa munthu asanafike pa msika ndipo mtengo umakhala wotsikirapo, nde muzionanso ngati wosewerayo akumaliza zaka zake pa timupo. Hayes mu July 2025 anamupititsa ku Cincinnati Reds, timu ya gulu lathu lomwe.

Apa mpofunika kudziwa wotchi imene imayendera wosewera aliyense, chifukwa ndi imene imakuuzani tsiku lochoka munthu asanachoke. Zaka zitatu zoyambirira mu MLB amalandira pafupi ndi malipiro otsikitsitsa aja olo akhale katswiri wotani. Zaka zitatu zotsatira malipiro amakwera kudzera mwa oweruza apadera ngati timu ndi wosewera sanagwirizane. Akakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi ndi mfulu. Chaka chimodzi chimawerengedwa ndi masiku 172, nchifukwa chake matimu ena amachedwetsa dala mwana ku ligi yaing'ono, Cubs mu 2015 inamusunga Kris Bryant masiku ochepa kumayambiriro nkuthera pa masiku 171, tsiku limodzi lokha nkumuonjezera chaka chathunthu. Timu youmira mudzaiona ndi ichi, wosewera akafika chaka chachinayi kapena chachisanu mphekesera zoti agulitsidwa zimayamba, ndipo nkhani yake imakhala yoti tikufuna anyamata a mtsogolo. Pa dzina lililonse limene mumalikonda lembani chaka chimene adzakhale mfulu, chotsani ziwiri, pamenepo mpamene muyambe kukhala tcheru.

Paul Skenes ndi amene akutipweteketsa mutu pano. Anasankhidwa woyamba ku draft ya 2023, anayamba kusewera mu May 2024 nkutenga mphoto ya wosewera watsopano wopambana, 2025 nkutenga Cy Young ya woponya wopambana onse mu National League, ovota onse kumusankha iye. ERA yake, kutanthauza ma run (zigoli za baseball) amene amapereka pa ma inning 9 alionse, utali wa gemu imodzi, inali 1.97, koma anawina magemu 10 nkuluza 10, chifukwa omenya a Pirates chaka chimenecho analowetsa ma run ochepa kuposa timu ina iliyonse mu MLB, ma home run nawonso ochepetsetsa. Aliyense amene anakhalako pa doko ku Senga Bay kapena ku Chipoka amazidziwa izi, mwini bwato akapanda kusoka chilimira, injini ikumazima pakati pa nyanja, nyali zili zochepa, olo siginala akhale wodziwa nyanja chotani usipa ubwera wochepa basi, koma mmawa bwana amakalipira alovi. Skenes akulandira ndalama zochepa kwambiri zaka zimenezi poyerekeza ndi ntchito yake, ndiye kuti ino ndi nthawi imene timu ikanatha kugula omenya awiri atatu mtengo wonse osalemera. Adzakhala mfulu ikatha sizoni ya 2029. Chotsani ziwiri zija.

Koma si zonse zimene zili za ndalama, ndipo apa ambiri timaterereka. Pa 31 July 2018 Pirates inachita zimene masapota ankalira, inapita kukagula dzina, Chris Archer wa Tampa Bay Rays, nkupereka Tyler Glasnow, Austin Meadows ndi Shane Baz. Archer sanathandize, Glasnow ndi Meadows anakaphuka ku Tampa. Uku sikunali kuumira, kunali kulephera kuona luso ndi kulephera kuphunzitsa anyamata amene unali nawo kale, ndipo mlandu wake ndi wa general manager, woyang'anira kugula ndi kugulitsa osewera, wa nthawiyo Neal Huntington ndi anthu ake, amene anachotsedwa mu 2019. Mbali inayi, kugulitsa McCutchen kumene tinalira kuja ndi kumene kunabweretsa Bryan Reynolds. Mets mu 2023 inali ndi malipiro okwera kuposa onse nkuwina magemu 75 okha. Los Angeles Angels inali ndi Mike Trout ndi Ohtani limodzi kuyambira 2018 mpaka 2023, inaperekanso $245 miliyoni kwa Anthony Rendon, ma playoff osawaona olo kamodzi. Rays, imene imaumira ngati ife tomwe, inafika World Series mu 2008 ndi 2020. Nde pa kusinthana kulikonse lembani amene anapita ndi amene anabwera, dikirani zaka zitatu, muone ndani anapindula. Osewera akamachoka pa timu yanu nkukachita bwino kwina mobwerezabwereza, vuto lili kwa ophunzitsa ndi osankha osewera. Komabe amene amawalemba ntchito ndi kuwasunga pa mpando anthu amenewa ndi mwini timu yemweyo, Ben Cherington wakhala general manager kuyambira November 2019 ndipo kufika 2025 panalibe sizoni olo imodzi imene timu inawina kuposa kuluza.

Nyimbo yoti tikumanga timu ya mawa muziimvera ndi kalendala mmanja. Njirayi imagwira nthawi zina, Houston Astros inaluza magemu 106, 107 ndi 111 kuyambira 2011 mpaka 2013 nkutenga chikho mu 2017, Baltimore Orioles inaluza 110 mu 2021 nkuwina 101 mu 2023. Pirates inaluza 101 mu 2021, 100 mu 2022, inakwera kufika pa kuwina 76 mu 2023, 76 yomweyo mu 2024, nkutsikira pa 71 mu 2025. Kumanga kwenikweni kumaoneka, manambala amakwera ndipo malipiro amakwera nawo. Kwa ine zikadutsa zaka zisanu mzere uli pomwepo, kumeneko sikumanganso, nkutigwiritsa fuwa la moto.

Funso loti kodi ndalama zilipodi ndi lovuta chifukwa mabuku a matimu ndi obisika, koma pali timazenera. Matimu onse amasonkha 48 peresenti ya ndalama zimene amapeza kwawo nkugawana mofanana, ndiye matimu a mizinda yaing'ono amalandira kuchokera kwa akuluakulu, cholinga chake nchoti akonzere timu. Mu 2010 mapepala a zachuma a matimu angapo anatuluka poyera, nkuonetsa kuti Pirates inapanga phindu la pafupifupi $29 miliyoni mu 2007 ndi 2008 kuphatikiza, zaka zimene inaluza magemu 94 ndi 95. Mu February 2018 bungwe la osewera la MLBPA linakadandaula kuti Pirates, Rays, Marlins ndi Athletics sakugwiritsa ntchito ndalama zogawanazo moyenera. Atlanta Braves ili pa msika wa masheya choncho imakakamizidwa kuonetsa mabuku, ndipo imaonetsa ndalama zolowa zoposa $600 miliyoni pachaka mu 2023 ndi 2024, Pittsburgh siingafike pamenepo koma zikupatsani chithunzi cha kukula kwa bizinesiyi. Bwalo la Pirates la PNC Park limene linatsegulidwa mu 2001 linamangidwa kwakukulu ndi ndalama za boma. Ndipo musaiwale mtengo wa timu yeniyeniyo, Orioles inagulitsidwa mu 2024 pa mtengo wa $1.725 biliyoni. Munthu akamati ndikuluza ndalama koma timu sakufuna kugulitsa, inu dziwani kuti pali pamene akupindulira.

Muzionanso amene amachotsedwa zinthu zikavuta. Mu May 2025 Pirates itayamba ndi kuwina 12 kuluza 26, amene anapita ndi kochi Derek Shelton, Don Kelly nkutenga malo. Kochi wa baseball amasankha woponya ndi ndondomeko ya omenya, sagula munthu. Kuchotsa kochi kumaziziritsa masapota mwezi umodzi, nde inu musazizire, tsegulani kope muone ngati mzere wa malipiro wasuntha.

Nanga mkwiyo tiutani? Tione kaye zimene anzathu a konko anayesa. Ku Oakland pa 13 June 2023 masapota anachita zosiyana ndi kunyanyala, anadzadza dala bwalo anthu oposa 27,000 atavala matisheti obiriwira olembedwa SELL, kutanthauza gulitsa, kuonetsa dziko kuti vuto si iwo koma mwini timu yawo ya Athletics, John Fisher, amene anagulitsa Matt Olson, Matt Chapman ndi anzawo mu 2022. Zinamveka dziko lonse, koma mu November 2023 eni matimu onse anavomereza kuti timu isamukire ku Las Vegas, gemu yomaliza ku Oakland inali pa 26 September 2024. Zimandimvetsa chisoni kwambiri anthu amene aja. Ku Los Angeles mu 2011 masapota anachepa ku bwalo pokwiya ndi mwini Dodgers wa nthawiyo, Frank McCourt, koma chimene chinamuchotsa kwenikweni ndi ngongole ndi milandu ya banja lake, timu inalengeza kuti yagwa mu June 2011 nkugulitsidwa mu 2012 pa ndalama zoposa $2 biliyoni. A Manchester United mukudziwa nokha, banja la Glazer linagula timu mu 2005, masikafu obiriwira ndi achikasu 2010, gemu ya Liverpool kulephereka mu May 2021, anthu aja akadalipo. Eni matimu sachoka chifukwa cha kukuwa kokha. Koma manyazi amagwira pa zinthu zina, mu April 2025 Pirates itachotsa chizindikiro cha katswiri wakale wa timuyo, malemu Roberto Clemente, pa khoma la bwalo nkuikapo malonda a chakumwa, anthu ndi banja lake atakwiya timu inapepesa nkuchibwezeretsa.

Ife a kuno tisadzinamize kuti tingakhudze thumba la munthu ali ku America. Chipewa chakuda cha P wachikasu chimene mwatola pa kaunjika pa Kamuzu Road, ndalama yake yapita kwa mayi wogulitsayo, valani ndi mtima umodzi. Chimene tili nacho ndi mau, ndipo mau okhala ndi manambala amalemera kuposa kutukwana. Timu ikaika positi pa Facebook kapena pa X yonena za tsogolo lowala, yankhani ndi mzere umodzi wochokera mu kope lanu, chaka, malipiro, magemu, basi, mwaulemu, nkunena kuti mukulemba kuchokera ku Malawi, anthu a konko amadabwa ndipo amagawana. Osewera musawatukwane chonde, makamaka anyamata amene akwezedwa msanga chifukwa timu sinagule munthu pamalopo, mwana wa zaka 23 amene akulephera kumenya sanadziike yekha pa ndondomeko. Pa gulu lathu pali achimwene ena a ku Nkhotakota amene amakonda kunena kuti "aise, musamunyoze mwanayo, funsani amene anamutuma," ndipo ine ndimagwirizana nawo.

Tulo ndi bandulo muzizisamala, ndikunena izi ndi mtima wonse chifukwa ambiri a ife mmawa tili pa kabaza, ku munda wa mpunga, mkalasi kapena mu shopu. Gemu yoyamba 6:40 madzulo ku Pittsburgh kuno imakhala 12:40 usiku, sizoni ndi magemu 162 kuyambira kumapeto kwa March mpaka September, miyezi ya mwera yonse ili momwemo, munthu kukhala panja ndi foni kusaka netiweki mphepo ikuomba chifukwa cha timu imene mwini wake sanaikonzere, ayi. Sankhani. Skenes amaponya kamodzi pa magemu asanu alionse, onerani amenewo. Magemu ambiri a Lamulungu amayamba 1:35 masana konko, kuno 7:35 madzulo, nthawi yabwino yoonera limodzi. Otsalawo onani zidule mmawa, MLB imaika pa YouTube. Mukafuna pena potsitsira mtima tsatirani matimu aang'ono a Pirates, Indianapolis ndi Altoona, kumene anyamata ngati Konnor Griffin, amene anasankhidwa pa nambala 9 mu 2024, amadutsira, mudzadziwiratu ngati zimene akutilonjeza zili ndi mutu.

Kuweruza mwini timu musamachite gemu ikangotha, muli ndi mkwiyo ndi tulo. Ikani nthawi zitatu pachaka. December, pamene akuluakulu a matimu amakumana ndipo ma free agent ambiri amasaina, onani amene wabwera ndi zaka za kontilakiti yake. Tsiku lotsegulira sizoni, lembani malipiro ndi nambala pa 30 paja. Kumapeto kwa July, msika wosinthana ukamatsekedwa, onani ngati timu ikugula kapena ikugulitsa, mu 2025 inagulitsa Hayes uja ndi David Bednar, mwana winanso wa dera la Pittsburgh, amene anapita ku Yankees. Ngati December wina adzatulutsadi ndalama, lembaninso zimenezo ndipo muyamikire poyera, koma dikirani July muone ngati anthuwo akadalipo.

Tsiku lina loti mulembe ndi inki yofiira ndi 1 December 2026, pamene mgwirizano wa eni matimu ndi bungwe la osewera ukutha. Eni ambiri akufuna malire a kumwamba a malipiro, osewera akhala akukana kuyambira kale, nkhani yomweyi ndi imene inaimitsa sizoni ya 1994 mpaka World Series osaseweredwa, ndipo mkangano wa December 2021 unatseka ligi masiku 99. Mudzamva zambiri zoti malire a kumwamba adzapulumutsa matimu a mizinda yaing'ono. Inu mukamawerenga nkhani zimenezo muzifufuza zinthu ziwiri, ngati akukambanso za mzere wa kumunsi umene timu iliyonse iyenera kufika ndipo uli pa ndalama zingati, komanso ngati eni matimu avomera kuonetsa mmene amagwiritsira ntchito ndalama zogawana zija. Popanda ziwirizi Dodgers itha kutsitsidwa, koma palibe chimene chidzakakamize Pittsburgh kugulira Skenes omenya 2029 isanakwane.